Chiliza cha a Japhet Chochokera ku Tchaina

Dennistoun, Glasgow
9 Malichi 2024

Okondedwa achimwene a Tadeyo,

Ndine mlongo wanu Nelia. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Ine kuno ndilipo, ndikulera zidzukulu, kungoti mphepo ya kuno imalowa m'mafupa. Akulemba ndi Patricia, ine ndikuyankhula, popeza pa foni ndi makutu anu aja timangokalipirana. Flora akuwerengerani. Ndamuuza Patricia kuti asakometsere mawu, alembe monga ndanenera.

Ndiyambe ndi kukukumbutsani ana amene ine ndi malemu amuna anga a Japhet tinalera, chifukwa pamudzi anthu amaiwala msanga. Patricia ndi namwino wamkulu pachipatala chachikulu cha kuno, ndipo anamwino achizungu amadikira iye kuti awauze chochita. Dunstan anatenga digiri ya zowerengera ndalama, ali ku Blantyre m'nyumba ya mpanda. Flora ndi mphunzitsi wamkulu pasukulu yomwe ine ndinalekezera mu Sitandade 2. Ndiye pali Jeff. Jeff anabwera kuno kudzaphunzira zauinjiniya, ndipo anamaliza ndithu, pepala lake lili m'chikwama pansi pa bedi. Ntchito yake lero ndi kuitanitsa katundu ku Tchaina n'kumagulitsa: matochi, zikwama za mafoni, maluwa apulasitiki osafota. Patricia akuti ndinene kuti ndi bizinesimani. Ine ndimati ndi venda wovala jekete.

Onsewa anaphunzira ndi nyundo ya bambo awo. Zaka zonse zija a Japhet ankakhoma ndowa, mbaula ndi zitini zothirira dimba pa Chimbiya. Ndowa yawo mkazi ankalowa nayo m'banja mpaka kudzasambitsiramo zidzukulu. Kenako munaona nokha. Kunabwera ndowa zapulasitiki za ku Tchaina, zosweka usanafike nazo pamjigo, ndipo anthu akwathu anazithamangira ngati ana pa ngumbi. A Japhet anamwalira atazunguliridwa ndi ndowa zopanda wogula.

Nkhani ndi iyi. Chaka chino tiika chiliza pamanda awo. Jeff anabwera Lamlungu ndi zithunzi pafoni. Akuti ku Tchaina kuli mzinda umene anthu ake ntchito yawo ndi kusema miyala basi, ndipo iye akhoza kuitanitsa mwala wakuda wonyezimira, ukwere m'kontena imodzi ndi katundu amene amatumiza ku Lilongwe. Ndinamufunsa ngati akufuna bambo ake afe kawiri. Anthu amene anawalanda chakudya pakamwa awakhalenso pamutu? Ine ndikufuna mwala wa kuno ku Scotland, wonga umene ndinauona pamanda a amishoni ku Blantyre nditapita kwa Dunstan. Mwala umenewo wamenyedwa ndi mvula kuyambira agogo athu asanabadwe, koma zilembo zake zikuwerengekabe.

Mvula ikangosiya, mukapemphe adzukulu alambule pamandapo. Atonde awiri aja musagulitse, ndi a pamwambo.

Ine mlongo wanu,
Nelia

30 Malichi 2024

Achimwene,

Moni kwa nonse. Ndamva kuti alamu chifuwa chija chayamba kuchepa, ndathokoza. Ine ndilipo.

Lachinayi ine ndi Patricia tinakwera basi kupita kwa wosema ziliza pafupi ndi manda ena aakulu a kuno. Ndi mzungu wandevu, wa manja ngati a munthu wogwira ntchito. Ndinayenda pakati pa miyala yake ndikuisisita, ndipo ndinasankha wotuwa, wolemera maonekedwe. Ndinauza Patricia kuti amufunse phiri limene mwalawo unachokera, kuti ndidzathe kulitchula pamwambo. Mzunguyo anaseka. Anati wachokera ku Tchaina. Ndinaloza wina, anati ku India. Ndinaloza wachitatu, anatinso ku Tchaina. Akuti kuno malo ambiri okumba miyala yotere anatsekedwa kalekale, iye amangolandira miyala yosemasema n'kulembapo mayina. Akuti wa kuno weniweni akhoza kuusaka, koma mtengo wake Patricia atauchulukitsa m'makwacha anangondigwira dzanja kuti tizipita.

Achimwene, dziko ili ndinkaliopa pachabe. Patricia anandionetsa ku Govan, kumene akuti kale ankapangirako zombo zoyenda m'nyanja zonse. Lero anthu omwewo mwala woika pamutu pa bambo awo akuuyembekezera kudoko. Nditafika kunyumba ndinayamba kutembenuza zinthu, mdzukulu akundiwerengera zolembedwa kunsi. Ketulo, Tchaina. Ambulera, Tchaina. Ngakhale kachidole kovala siketi ya amuna a kuno, kamene alendo amagula kuti akaonetse kwawo kuti anafika ku Scotland, nakonso Tchaina. Anagulitsa nyundo zawo n'kugula mashelefu.

Mwanena kuti tingomanga chiliza cha simenti ndi matailosi monga achitira ena. Ayi. Pitani mukaone cha apongozi a Flora, chaka chachitatu chisanathe chang'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe. A Japhet sanapangepo chinthu chodontha, ndipo sindiwaikira chinthu chong'ambika.

Choncho ndamuuza Jeff kuti achite zakezo. Mumve bwino: sindinavomere, ndangosiya kukana. Ndamuuza kuti palembedwe dzina la bambo ake, chaka chobadwa, chaka chomwalira, ndi vesi limodzi. Anakondwa ngati wapatsidwa ufumu. Mwana ameneyu chiyambire sanandimvepo ndikumutama, ndipo sindinaone chifukwa choyambira tsopano.

Mbatata ya kudimba la kumunsi musakumbe msanga, mitengo ikadali yotsika.

Nelia

27 Epulo 2024

Achimwene a Tadeyo,

Ndikupatsani moni nonse. Ine ndilipo, kupatula kachizungulire kamene kamandipeza ndikamakwera masitepe. Patricia wandipatsa timapilitsi. Si nkhani yoti muuze anthu.

Jeff ananditenga kukaona mayi amene amamulumikiza ndi mafakitale a ku Tchainako. Dzina lake ndi Mayi Lau. Ndi nkhalamba inzanga, yaifupi, yowonda ngati bango, koma ikayankhula amuna onyamula makatoni amathamanga. Ali ndi nyumba yosungiramo katundu yaikulu kuposa tchalitchi chathu, yodzaza mpaka kudenga ndi zinthu zoti munthu agule lero, mawa ataye. Jeff akuti mayiyo ndi amene anamuphunzitsa ntchito, ndipo amamutenga ngati mwana wake. Ndinati zikomo, sindinadziwe kuti unali wamasiye.

Anatikonzera chakudya. Anabweretsa timbale tambirimbiri ngati tikudyetsa nkhunda, ndi timitengo tiwiri todyera. Ine ndinapempha madzi, ndinasamba m'manja, ndinadya monga munthu. Pakati pa zonsezo panali zipalapasiro. Zimene kwathu timapatsa ana kuti asalire, kuno amaziika m'mbale yamaluwa n'kuzipereka kwa mlendo wolemekezeka.

Mayiyo ndi wofunsafunsa. Kudzera mwa Jeff anandifunsa chaka chimene ndinabadwa, mmene dzina langa limalembedwera, ngati ndinakhala bwino ndi a Japhet, ndiponso ngati tsiku langa likadzafika ndidzagone pafupi nawo. Ndinati inde, nanga ndikagone kuti, kumsika? Anagwedeza mutu n'kulemba pakapepala. Anthu amalonda ndi otero, ngakhale chifuwa chako amafuna adziwe kuti adzakugulitse mpango.

Nanenso ndinali ndi mawu anga. Ndinauza Jeff kuti amuuze mayiyo kuti ndowa za kwawo ndi zimene zinapha ntchito ya amuna anga. Jeff anayankhula timawu tiwiri, mayiyo anamwetulira n'kundiwonjezera tiyi. Chizungu sindichidziwa, koma ndikudziwa kuti mawu anga anali aatali kuposa pamenepo. Anawameza.

Akuti mwala ukusemedwa, posachedwa ukwera chombo, udzatsikira ku Beira. Jeff wagula galimoto yachiwiri yonyamulira katundu ndipo watsegula kosungira kwina ku Govan. Ndikudziwa kuti Flora wafalitsa kale zimenezi pamudzi. Muuzeni achepetse pakamwa.

Nelia

6 Julayi 2024

Achimwene,

Moni. Za umoyo ndinena tsiku lina.

Chithunzi chimene Flora watumiza ndachiona. Patricia wachikulitsa ndipo wandiwerengera chilembo chilichonse, kawiri. Kumanzere kuli dzina la a Japhet m'zilembo zagolide, ndi zaka zawo zonse ziwiri. Kumanja kwalembedwa NELIA, chaka changa chobadwa, kamzere, ndi malo opanda kanthu odikira chaka china. Ndipo dzina langalo ndi lofiira ngati magazi.

Ndiye inu munaona chanzeru kutsegula bokosilo pabwalo, mudzi wonse utasonkhana kudzaona mwala wochokera kutsidya kwa nyanja. Simukanayamba mwasuzumira nokha m'nyumba?

Ndinamuitana Jeff. Anafika akupuma ngati wathamangitsidwa. Akuti iye anatumiza mawu amene ndinamuuza aja basi. Akuti a kufakitale anamutumizira chithunzi kuti avomereze, koma chinamupeza akutsitsa katundu, anangoona kuti mwala ndi wakuda ndipo dzina la bambo ake lilipo, n'kuyankha kuti zili bwino. Chiliza cha bambo ake anachiyang'ana monga amayang'anira katoni ya matochi. Ndinamuuza kuti: "Wandiika m'manda ndikuyenda. Tsika masitepewo, ndipo usadzawakwerenso mpaka nditakuitana."

Anayamba kunena za Mayi Lau, kuti akawafunsa. Ndinati dzina limenelo lisatchulidwe m'nyumba muno.

Mwalawo muuchotse pabwalo. Muuike m'nyumba yosungira fodya ija, muufunditse lona, ndipo mukhome chitseko.

Nelia

27 Julayi 2024

Achimwene a Tadeyo,

Moni kwa inu ndi alamu. Popeza mwamva kale, ndinene ndekha. Ndinagwa kukhitchini, ndinagona kuchipatala, ndatuluka. Adokotala akuti ndi kuthamanga kwa magazi, matenda omwe aja anatenga amayi athu Jeff asanabadwe n'komwe.

Uthenga wanu Patricia wandiwerengera wonse. Mukuti pamudzi anthu akunena kuti Jeff wakhwimira bizinesi, kuti Matchaina anamuuza apereke mayi ake, ndipo galimoto yachiwiri ija ndi malipiro oyamba. Mukuti kugwa kwangaku kwatsimikiza zonse. Mukutinso akubanja mwakhala pansi ndipo mwagwirizana zinthu ziwiri: mwalawo uphwanyidwe n'kukatayidwa mumtsinje wa Linthipe, ndipo Jeff asadzapondenso pamanda a bambo ake.

Nkhaniyi yawoloka nyanja msanga kuposa mwalawo. Lamlungu kutchalitchi kuno, amayi ena achimalawi, anthu ogwira ntchito m'zipatala, odziwa kuyeza magazi ndi makina, anandizungulira n'kuyamba kundipempherera mofuula ngati ndayamba kale kununkha. Mmodzi anandinong'oneza kuti ndisadye chilichonse chochokera m'manja mwa Jeff. Ndinamufunsa ngati wigi yake inamera pamutu pake kapena inabwera pa kontena.

Ndifunseko, achimwene. Amene akutsogolera nkhaniyi kumeneko ndani? Si omwe aja ankadutsa pa shedi ya a Japhet atanyamula ndowa zapulasitiki, osapereka ndi moni yemwe? Nthawi imeneyo Tchaina anali wabwino. Lero asanduka akatswiri odziwa zimene Matchaina amachita ndi mayi wa munthu. Mwana wa mnzanu akalephera, mumati waulesi. Akapeza, mumati wakhwima.

Komabe sindikunamizani. Ndikatseka maso ndimaona malo opanda kanthu aja pambuyo pa kamzere. Ndinabereka ndine, koma mtima wa mwana sindinalowemo.

Jeff masitepe sakwera. M'mawa uliwonse amaimika galimoto yake kunsi kwa windo langa, amakhala m'menemo kanthawi, kenako amapita kuntchito. Patricia akuti waonda. Ine sindisuzumira kawirikawiri.

Inu ndinu mwini mbumba, ndipo mawu anu sindiwaponda. Koma pamwalapo pali dzina langa, osati lanu. Nyundo iyambe yadikira mpaka nditakulemberani.

Mlongo wanu,
Nelia

17 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino. Ine ndadzuka ndi mphamvu, ndadya, ndakwera masitepe popanda wondigwira. Lero akulemba ndi Jeff. Ndamuitana ndine, wakhala pampando patsogolo panga, ndipo ndamuuza kuti akameza liwu limodzi Patricia awerenga pomaliza.

Lolemba kunabwera Mayi Lau, osaitanidwa. Anakwera masitepe onse aja ndi thumba la malalanje, n'kuima pakhomo akupuma movutika. Ndinafuna kumubweza, koma nkhalamba imene yakwera chotero sungaibweze isanamwe madzi. Anakana kukhala pansi. Anauza Patricia kuti ndivale jasi, pali chimene akufuna ndikaone ndi maso anga, ndipo ndikakaona ndikhoza kumutukwana mmene ndingafunire.

Anatitengera kumanda. Mbali ina ya mandawo kuli mizere ya ziliza za anthu a mtundu wake, zolembedwa m'zilembo zawo zija zonga mapazi a nkhuku. Anaima pa chiliza china n'kunena kuti apa pagona mwamuna wake. Anandionetsa mzere wagolide, anati ili ndi dzina lake. Kenako anaika chala pa mzere wofiira pambali pake, n'kudziloza pachifuwa.

Akuti kwawo, mwamuna ndi mkazi amene anakhala bwino amalembedwa pa mwala umodzi. Amene watsala amalembedwa ndi utoto wofiira, chifukwa kwa iwo kufiira ndi mtundu wa amoyo, ndi umene amavala paukwati. Akadzamwalira, ana amadzapaka golide pamwamba pake kuti afanane ndi mnzake. Dzina lake lakhala pamenepo kuyambira mwana wake wotsiriza ali kusukulu, ndipo mwanayo lero ali ndi imvi. Chaka chilichonse akabwera kudzasesa pamandapo amabwera ndi kabotolo ka utoto, n'kudzipaka yekha pamene pafwifwa. Ndinayang'ana mizere ina. Mayina ofiira analipo angapo.

Mafunso aja anandifunsa pa chakudya anali a zimenezi. Ndi iye anauza osema kuti awonjezere dzina langa, ndipo mtengo wake analipira yekha osauza Jeff, ngati mphatso kwa mayi wa mnyamata amene amamukonda. Sanaganize zofunsa ngati kwathu zimachitika. Anapepesa, koma osagwada ayi, ndi mayi wouma khosi ngati ine ndemwe. Anati alipira munthu ku Lilongwe kuti apale dzinalo ndi makina.

Popeza Patricia samameza mawu, ndinanena zanga zija za ndowa, zonse, kuyambira pa shedi ya pa Chimbiya mpaka tsiku la maliro. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati bambo ake ankalima mpunga kumidzi ya kufupi ndi Hong Kong, ndipo kutabwera mpunga wotchipa wa kumayiko ena minda inagonera, banja lonse linabalalika. Iye anafika kuno ali mtsikana, kudzatsuka mbale m'khitchini ya malume ake mpaka zala zinapindika. Anandionetsa zalazo. Anati ndowa sanapangepo ndi imodzi yomwe, amangogulitsa zimene anthu akufuna kugula.

Ndinati, "Zimenezo sizibweza ntchito ya amuna anga."

Anati, "Sizibweza."

Tinasiyira pomwepo. Katundu wake ndimamunyozabe, ndipo ndinamuuza. Iye anati nayenso kunyumba kwake amaphikira mumphika wachitsulo umene anabwera nawo ali mtsikana.

Tsopano mumve chimene ndatsimikiza, ndipo muwauze akubanja monga ndanenera. Mwalawo suphwanyidwa, ndipo dzina langa silipalidwa. Tikalipala, patsala chipsera, ndipo aliyense wodutsa pamandapo azidzaloza kuti apa ndi pamene Jeff anafuna kuphera mayi ake, achibale anabisa. Chipsera chimenecho chidzakhala pa mwana wanga ndi pa ana ake, ine nditapita kale. Jeff analakwa, ndipo kulakwa kwake ndi kopusa: sanayang'ane. Iwe Jeff, lemba, usandiyang'ane ine. Koma kusayang'ana si ufiti. Mankhwala a mwana ameneyu ndawaona, ndi kudzuka kusanache n'kumanyamula makatoni pa mvula mpaka msana kuuma. Bambo ake mankhwala awo anali omwewo.

Amene akuti ndifa chifukwa cha utoto, auzeni kuti inde ndidzafa, monga adzafera iwo amene mayina awo sanalembedwe paliponse kupatula m'mabuku a ngongole za feteleza. Malo a kumanja kwa a Japhet musaikepo munthu. Tsiku langa likadzafika, Jeff akudziwa utoto woti adzagule.

Chotsani lona, mutsuke mwalawo, muitane amisiri aumange. Mudziwitse amfumu ndi abusa. Dunstan abwere ndi banja lake lonse, Flora akonze za kwaya. Ife kuno tikubwera atatu, ine, Patricia ndi Jeff. Nsalu yophimba chiliza adzavundukula ndi Jeff, ndi manja ake, ine nditaima pafupi ndi dzina langa. Ofuna kudzaona ngati ndikupumabe afike msanga kuti apeze malo kutsogolo.

Mwambowu udzachitika Loweruka pa 28 Seputembala, 9 koloko m'mawa.

Ine mlongo wanu wamoyo,
Nelia